Mmene Mungasakire Gulu la Osiya Mowa Mpaka Osalipeza

Munthu akhoza kutha zaka akunena kuti akufuna anzake oti azilimbikitsana nawo kusiya mowa, n'kufa asanakhalepo pa msonkhano wawo ngakhale umodzi. Sikuti amakhala akunama. Amafunadi, usiku amalira, koma njira imene amasakira ndi yosafikitsa. Njirayi ndi yopondedwa kale, ndipo woyendamo amaona ngati akuchita zanzeru paliponse pomwe waponda. Ndiilongosola mmene ilili, ngati malangizo, kuti amene ali m'njirayi adziwe pomwe wafika.

Yambani ndi kudikira kuti zinthu ziipe kaye. Pezani munthu m'dera lanu amene mowa unamutha kuposa inu, wogona pakhonde la golosale, mapazi otupa, milomo yofiira ndi kachasu, ndipo muzidziyeza ndi iyeyo. Inu ntchito ilipo, ana ali pasukulu, malaya ndi ositidwa. Muziti mumamwa Lachisanu lokha, ngakhale kuti mowa woyambika Lachisanu umakafika Lamlungu usiku, ndipo Lolemba manja sakhazikika mpaka mutachotsa matsire ndi kabotolo kamodzi. Muziganiza kuti magulu oterewa ndi a anthu omwe anataya zonse. Mukatero simudzadziwa kuti ku Alcoholics Anonymous, gulu lodziwika kuti AA, safunsa kuti mwataya zingati. Chofunika kuti munthu akhale membala ndi chimodzi basi: kufuna kusiya kumwa. Palibe ndalama yolowera, palibe kalata ya dokotala, palibe kaundula wa mayina. Amene adakali ndi banja ndi ntchito ali ndi zambiri zoti apulumutse, ndipo kudikira kumamulanda zimenezi chimodzichimodzi.

Tsiku likafika loti mwatopa nazo, ganizani kuti simungapite kwa anthu mukununkha mowa. Lumbirani kuti musiya nokha kaye, mukhale sabata yathunthu osalawa, kenako mukaonekere ku gulu muli oyera. Tsekani chitseko, a m'nyumba muwauze kuti mukumva malungo.

Apa ndiima kaye, chifukwa langizo limeneli limapha. Thupi lomwe lazolowera mowa tsiku lililonse kwa zaka silisiya mwakachetechete. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, thukuta limayamba, manja kunjenjemera, mtima kuthamanga, nseru, tulo osabwera. M'masiku awiri oyambirira ena amagwa n'kumaphupha ngati odwala khunyu. Pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi, ochepa amafika pa zomwe madokotala amatcha delirium tremens. Bambo wamkulu amakhala pakona ya chipinda, akukutumula bulangete kuti muli nyerere, akuloza kukhoma kuti kukutsika njoka, akuyankha anthu omwe palibe, thupi lili moto. Mkazi wake amathamangira kwa apongozi, apongozi amati izi ndi za anthu, wina amati ndi ziwanda, ndipo usiku umatha akukangana ngati apite naye kwa sing'anga kapena aitane opemphera. Chomwe munthuyo akufunika ndi chipatala, usiku womwewo. Kumeneko amapereka mankhwala monga diazepam oletsa kuphupha ndi kukhazika thupi pansi, vitamini B1 woteteza ubongo, ndi dripi ngati madzi atha m'thupi. Gulu la osiya mowa si chipatala, ndipo silinena kuti ndi chipatala. Amene amamwa tsiku ndi tsiku, makamaka amene anaphuphapo atayesa kusiya, ayambire kwa dokotala kapena namwino, amuuze zoona za kuchuluka kwa mowa womwe amamwa. Za fungo musade nazo nkhawa. Ambiri anafika pa msonkhano wawo woyamba mowa ukumveka m'kamwa, ndipo anapatsidwa mpando.

Tibwerere m'njira yathu ija. Posaka gulu, sakani mobisa, pafoni pokha, pakati pa usiku ena atagona, bandulo itatsala pang'ono kutha. Mudzapeza nambala yomwe inalembedwa zaka zapitazo. Imbani kamodzi. Ikapanda kulowa, tsimikizani kuti kuno kwathu zimenezi kulibe, nkhani ithere pomwepo. Musaganizire kuti magulu amenewa amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, omwe amasamuka ndi kusintha nambala, kapena kuti amasonkhana m'kalasi yobwereka, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, popanda chikwangwani chachikulu, dala, pofuna kuteteza obwerawo. Malo otere amadziwika ndi pakamwa, choncho inu pakamwa tsekani. Musafunse namwino wa matenda a maganizo pa chipatala chachikulu cha m'boma lanu. Musayandikire ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, komwe amathandiza anthu omwe mowa ndi chamba zawagwira, ndipo mukamva za Zomba Mental muziti kumeneko n'kwa amisala, inu sizikukukhudzani. Abusa, ansembe, a shehe, alangizi a zaumoyo, a ofesi yosamalira anthu kwa DC, onsewa amamva zambiri, ndipo wina mwa iwo akudziwa munthu amene anasiya mowa kalekale ndi komwe amakumana ndi anzake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma kufunsa kumafuna kuti mutchule ndi pakamwa panu kuti mowa wakugonjetsani, ndiye khalani chete.

Makamaka musachite zomwe anachita Bill Wilson mu Meyi 1935. Munthuyu, wa bizinesi ya masheya ku New York, anali atakhala miyezi pafupifupi isanu osamwa pamene anapita ku Akron, m'chigawo cha Ohio, pa nkhani ya malonda. Malondawo anagwa. Anatsala yekha mu hotela ya Mayflower, mumzinda wachilendo, bawa ili chapafupi, phokoso la omwa likumveka. Pafupi ndi foni panali ndandanda wa mipingo. Anaimbira m'busa wina, Walter Tunks, n'kumuuza kuti iye ndi chidakwa ndipo akufuna chidakwa chinzake choti alankhule nacho. Anapatsidwa mayina, n'kumaimbira uyu ndi uyu, mpaka anafika kwa mayi Henrietta Seiberling, omwe anamukumanitsa ndi dokotala wa maopaleshoni, Bob Smith, amene mowa unali kumuwonongera ntchito. Dokotalayo anavomera kumvetsera mphindi 15 zokha. Anacheza maola pafupifupi 6. Smith anali atamva kale odzudzula ndi olangiza ambirimbiri, koma uyu anali woyamba kumulankhula ngati munthu wodziwa mmene ludzu la mowa limagwirira pakhosi. Ndipo Wilson sanapite kumeneko ngati mphunzitsi. Ankafuna munthu womuuza nkhani yake kuti iye mwini asamwe tsiku limenelo. Inu sakani katswiri woti akuchiritseni inu mutangokhala, ndipo chidakwa chinzanu muzichiona ngati munthu amene alibe choti n'kukupatsani.

Mukamva za gulu lomwe limakumana pafupi ndi kwanu, likaneni. Mwina mukapezako mphunzitsi wa mwana wanu, mkulu wa mpingo, kapena alamu anu. Sankhani lakutali, lokwera minibasi ziwiri, kuti mudzapite kamodzi mwezi ukatha ndalama zili m'thumba, n'kudutsa pa depoti pomwe mabawa ali mbali zonse. Sabata yotsatira ndalama yoyendera idzasowa, inayo mvula idzagwa. Musadzifunse kuti alamu anuwo mukanawapeza m'katimo akanakhala atadzatani. Musakumbukirenso kuti dera lonse likudziwa kale. Anyamata a kabaza anakunyamulanipo usiku, mayi wotcheza kachasu ali ndi dzina lanu m'kope la ngongole, ana a oyandikana nawo anamvapo kukuwa kwa m'nyumba mwanu. Chokhacho chomwe mukubisa tsopano n'chakuti mukufuna kusintha. Zoterezi tinazionapo pa nkhani ina. Ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, anthu ambiri ankadumpha chipatala cha kwawo n'kukalandirira kutali kuopa maso a anthu, ndipo ena ankadukiza mankhwala ndalama yoyendera ikasowa. Omwe analimba mtima n'kulowa m'magulu othandizana a m'midzi, monga a NAPHAM, ankakumbutsana tsiku lokalandira mankhwala ndi kuyenderana akadwala. Gulu lothandiza ndi lomwe mungafikeko wapansi, Lachitatu wamba, m'thumba mulibe kanthu, mtima uli wolemera.

Njira yolakwikayi ili ndi gawo la achibale, ndipo iwo amaliyenda chifukwa cha chikondi. Mayi, sakani gulu m'malo mwa bambo a ana anu. Imbani ndinu, funsani ndinu, muwakokere kumeneko ankhoswe atawakalipira, akakhale kumbuyo atapinda manja. Zikakanika, gulani mankhwala a m'botolo kwa wogulitsa pamsika amene akulonjeza kuti munthu akangolawa sadzafunanso mowa, muziwathirira mobisa m'ndiwo. Adzasanza, mwinanso adzadwala kwambiri, chifukwa simukudziwa zomwe zili m'botolomo ndipo chiwindi chawo n'chotopa kale. Akadzazindikira, sadzakhulupiriranso mbale yochokera m'manja mwanu. Pitirizani kubweza katapila wawo ndi ndalama ya ku banki mkhonde, ndi kuimbira abwana awo Lolemba kuti adzuka ndi malungo. Mukatero iwo sadzaona ndi maso awo zomwe mowa ukuwononga, ndipo inu mudzatha thupi. Lois Wilson, mkazi wa Bill uja, anaona kuti mwamuna wake atasiya mowa, mkwiyo ndi zipsera zinatsala mwa iye, ndipo mu 1951 iye ndi mnzake anayambitsa Al-Anon, gulu la achibale a anthu omwa. Kumeneko nkhani yaikulu si yosiyitsa munthu mowa. Amakambirana mmene mkazi, mwana kapena kholo angasungire moyo wake pamene wokondedwa wake akumwa. Misonkhano ya AA nayo ili mitundu iwiri: yotseguka, yomwe wachibale angapiteko kukamvetsera, ndi yotseka, ya okhawo ofuna kusiya. Ngati womwayo ndi mayi wa pakhomo, amene amabisa kabotolo m'thumba la ufa, banja lonse ligwirizane kuti zimenezi sizitchulidwa. Mkazi womwa timamusenzetsa manyazi oposa a mwamuna, n'chifukwa chake amafika mochedwa kwambiri pofuna thandizo, kapena safika n'komwe.

Tiyerekeze kuti mwafikako ndithu. Mipando yaikidwa mozungulira, anthu ndi owerengeka, wina wabweretsa tiyi m'flasiki. Aliyense akatenga mawu amatchula dzina lake loyamba lokha, n'kunena kuti ndi chidakwa, n'kufotokoza mmene sabata yamuyendera. Enawo amamvetsera osamudula. Inu khalani pafupi ndi khomo, ndipo mvetserani pofuna kupeza kusiyana. Uyu anamangidwapo, inu ayi. Uyo anagulitsa malata a nyumba, inu munangogulitsa wailesi. Wina akayamba kunena kuti ankabisa botolo kudenga la chimbudzi, kapena kuti analonjeza mwana wake nsapato za kusukulu n'kumwera ndalamayo, mwanayo n'kusiya kufunsa, ndipo mtima wanu wagunda chifukwa imeneyo ndi nkhani yanu yeniyeni, yang'anani pafoni. Tulukani asanamalize, wina asanakupatseni nambala yake. Nambala imeneyo ndi gawo lalikulu la ntchito ya gulu. Msonkhano ndi wa ola limodzi, pamene ludzu limabwera Loweruka masana, pa chinkhoswe, tsiku la malipiro, mutangokangana ndi akunyumba. Nthawi imeneyo munthu amafunika womuimbira foni, makamaka amene amamutcha sponsor, mnzake amene wakhala nthawi yotalikirapo osamwa ndipo wavomera kuyenda naye.

Weruzani zonse ndi tsiku limodzilo. Magulu amasiyana, lina ndi lomasuka, lina lili ndi munthu mmodzi wolankhula mosapatsa mpata, n'chifukwa chake akale m'gululi amalangiza mlendo kuti apite kangapo, ndi kumagulu angapo ngati alipo, asanagamule. Inu gamulani msanga. Ngati ndinu wopemphera, dandaulani kuti sakutchula dzina la Yesu mokwanira, kapena kuti mwakhala pamodzi ndi a chipembedzo china. Ngati simupemphera, dandaulani kuti akutchula Mulungu. AA si mpingo. Masitepe ake 12 amakamba za mphamvu yoposa munthu, koma aliyense amaimva mwa chikhulupiriro chake, ndipo kwa amene safuna za uzimu n'komwe kuli magulu ena monga SMART Recovery, lomwe linayamba mu 1994. Kapenanso pitani ku mapemphero a usiku umodzi, mukalengeze kuti mwamasulidwa, ndipo muone ngati kupita ku gulu pambuyo pake n'kuchepa chikhulupiriro. Ine pemphero sindilipeputsa, ndaona anthu omwe linawadzutsa. Koma omwe anakhalitsa ndi amene mawa lake anali ndi anthu owafunsa mmene adzukira, sabata ndi sabata. Mphamvu ya kukumana kotereku ofufuza anaiyeza. Mu 2020 bungwe la Cochrane linasindikiza ntchito ya John Kelly ndi anzake, omwe anasonkhanitsa akafukufuku 27 okhudza anthu 10,565. Anapeza kuti AA, pamodzi ndi njira za chipatala zolowetsera anthu m'magulu ake, zimathandiza munthu kusiyiratu mowa mofanana ndi uphungu wina wa akatswiri, ndipo nthawi zambiri kuposa pamenepo. Si onse amachira, koma anthu wamba okhala mozungulira m'kalasi yobwereka si owapeputsa.

Pali kulakwitsa kwina komwe ndi kwathu kwenikweni. Tinazolowetsedwa kuti msonkhano uliwonse wa zaumoyo umakhala ndi alawansi, Fanta ndi ndalama yobwezera thiransipoti. Pitani mukuyembekezera zimenezi, ndipo mukapeza kuti akuyendetsa kambale koti aliyense aponyemo yomwe angathe, yogulira shuga ndi kulipirira chipinda, khumudwani. AA imakana dala ndalama zochokera kunja kwa gulu, chifukwa oyambitsa ake anaona kuti ndalama zikalowa pamayamba kulimbirana maudindo, cholinga n'kuiwalika. Umphawi ndi weniweni, ndipo sindikunyoza munthu amene alibe ya minibasi. Koma ndalama yopatsidwa m'manja kwa munthu amene wangosiya mowa masiku anayi apitawo kawirikawiri imabwerera ku mowa komweko.

Nanga kumudzi, komwe gulu kulibedi? Dikirani kuti bungwe libwere ndi galimoto, kapena kuti boma lithetse mowa. Boma la Zambia linaletsa mowa wa m'timapaketi wotchedwa tujilijili mu 2012, la Malawi linaletsa masacheti mu 2015, ndipo zinali zoyenera, koma mowa wotchipa unabwerera m'timabotolo ndipo kachasu sanasiye kutchezedwa. Musaganize zoti m'mudzi momwemo muli bambo wina amene kale ankadziwika pa mowa, lero zaka zatha osalawa, ndipo mwina nayenso akulimbana yekha. Anthu awiri, tsiku lokhazikika, malo okhazikika, ndi pangano loti zolankhulidwa pano zitsala pompano, msonkhano wakwana. Kwa amene ali ndi foni yabwino ndipo amamva Chingelezi, misonkhano ya pa Zoom, yomwe inachuluka mu 2020 nthawi ya Covid-19, ilipo usana ndi usiku, ndipo munthu akhoza kulowa kamera itazimitsidwa. Ikaneni kuti ndi ya azungu. Inunso abale a ku Joni, ku Cape Town ndi ku Durban, amene mumamwa Lamlungu lonse chifukwa chosowa kwanu, muziopa kuti akakufunsani mapepala. AA yakhala ili ku South Africa kuyambira 1946, misonkhano ndi yambiri m'mizinda imeneyi, ndipo pakhomo safunsa pasipoti kapena pemiti.

Langizo lotsala ndi lomwe limagwetsa ngakhale omwe anapewa onse enawa. Mwapeza gulu, mwatha miyezi itatu osamwa, nkhope yabwerera, ana ayambanso kukhala pabalaza inu mukalowa. Kenako pa maliro a amalume anu, usiku wozizira mukuotha moto ndi amuna anzanu, msuweni wakupatsirani chikho, mwalandira. Masiku anayi apita osadziwa mmene apitira. Mukadzuka, uzani mtima wanu kuti anthu aja mwawachititsa manyazi, kuti simungawayang'ane m'maso, kuti mudzabwerera mukadzakonzeka. Zimitsani foni. Mukaona wa m'gulu pamsika, khotani. Muiwale kuti mwa anthu okhala mozungulira paja ambiri anagwapo, ena kangapo, ndipo akudziwa bwino chomwe chachitika akaona kuti simunabwere. Sabata imeneyo ndi yomwe mukulifuna gulu kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo mukaithera nokha m'nyumba, yachiwiri imakhala yovuta kwambiri kubwerera.

Bob Smith nayenso anagwa. Patangotha masabata ochepa chikumanireni ndi Wilson, anapita ku msonkhano wa madokotala ku Atlantic City n'kubwerako ataledzera. Wilson ndi mkazi wa Smith, Anne, anamulandira n'kumusamalira, ndipo tsiku lomwe anamwa komaliza, lomwe AA imati ndi 10 Juni 1935, ndilo limawerengedwa ngati tsiku lomwe gululi linayamba. Sanamwenso mpaka imfa yake mu 1950, ndipo m'zaka zimenezo, pamodzi ndi Sister Ignatia pa chipatala cha St Thomas ku Akron, anathandiza zidakwa zinzake pafupifupi 5,000.